Tsamba limodzi pa mtengo wa Charles

Loweruka la pa 6 Meyi 2023 ndinatseka shopu yanga yosokera zovala ku Kawale nthawi isanakwane 12 koloko, chifukwa agogo anga aakazi anali atanenetsa kuyambira Lachinayi kuti akufuna kuonera Charles akulongedwa ufumu wa Britain. Pabalaza tinalipo ine, agogo, alamu anga ndi ana anayi a kwa aneba amene anamva zoti pa TV pali mahatchi. Ku London kunkagwa mvula.

Agogo anawaonapo ndi maso mayi ake a Charles. Mu Julaye 1979 Mfumukazi Elizabeth inabwera kuno nthawi ya a Kamuzu, ndipo iwo anaima m'mbali mwa msewu pamodzi ndi mbumba inzawo kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa. Mpaka lero amati mayi uja ankabayibitsa ngati dzanja lake ndi dzira. Atamwalira pa 8 Seputembala 2022, atakhala pampando zaka 70, agogo anakhala tsiku lonse osatsegula pakamwa.

Pamwambo uja pali malo amodzi amene anandigwira mtima. Itakwana nthawi yomudzoza mafuta m'tchalitchi cha Westminster Abbey, asilikali anabweretsa zotchinga za nsalu n'kumuzinga mbali zitatu kuti kamera isaone. Agogo anasendera kutsogolo pa mkeka wawo n'kunena motsitsa mawu, "Akumulanga tsopano." Kwathu ku Dowa mfumu yatsopano amaibindikiritsa kaye m'nyumba, akuluakulu n'kuiuza zoti kuyambira lero pakamwa pake si pake ayi. Ine, poti ntchito yanga ndi singano, maso anga anali pa nsaluyo. Anapetapo mtengo wa masamba 56, tsamba lililonse lili ndi dzina la dziko la mu Commonwealth, bungwe la mayiko amene ambiri mwa iwo ankalamulidwa ndi Britain. Ndiye kuti penapake pa nthambi zimenezo panali dzina lakuti Malawi, lolembedwa ndi ulusi, pafupi kwambiri ndi mutu wa munthu amene ankadzozedwayo.

Alamu anga analibe nazo ntchito. "Agogo, chisoti chimenecho chititsitsira mtengo wa feteleza?" Sabata yotsatira ku shopu nkhani inali yomweyo, aliyense ndi yake. Mayi wina amene ndinkamuyesa diresi la chinkhoswe anati sadzamukhululukira Charles chifukwa cha Diana, mkazi wake woyamba, ndipo kumuona Camilla, mkazi wake wachiwiri, atavala chisoti kunamudula njala. Mnyamata wina wa kabaza ankayembekezera kuti viza ya ku UK ifewa. Mkulu wa mpingo wathu anakumbutsa kuti Charles wakhala akulankhula za kuonongeka kwa chilengedwe kuyambira ali mnyamata, ndiye pamene namondwe wa Freddy anali atangokokolola midzi ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi, mwina mfumuyo itilankhulira kwa mayiko olemera.

Ndinamumvetsa mkuluyo, koma ndikuona kuti ambirife timamuyesa Charles ndi muyeso wa mafumu athu. Kwathu mfumu imagawa malo ndi kuweruza milandu pabwalo. Charles sasainira viza ya munthu, ndipo sagawa ndalama za chithandizo. Zimenezo ndi za nduna ndi nyumba ya malamulo. Ngakhale ulendo wake amamuuzira ena. Mu Novembala 2022 sanapite ku msonkhano wa zanyengo wa COP27 ku Egypt potsatira uphungu wa boma la Liz Truss, amene anali nduna yaikulu ya Britain, pamene nkhani imeneyo ndi imene waigwirira ntchito moyo wake wonse. Komanso ife si mfumu yathu. Tinalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, ndipo pa 6 Julaye 1966 tinakhala dziko la pulezidenti. Chimene chimatilumikiza naye ndi Commonwealth basi.

Chimene ine ndikuyembekezera kwa iye sichifuna ndalama. Kumapeto kwa Okutobala 2023 anapita ku Kenya, ndipo ku State House ya ku Nairobi anavomereza poyera kuti Akenya anachitiridwa nkhanza zonyansa pomenyera ufulu wawo, nkhanza zimene palibe angaziikire kumbuyo. Mawu oti pepani sanawatchule, ndipo Akenya ambiri anadandaula. Komabe anatsegula pakamwa.

Nafenso tili ndi tsiku lathu. Pa 3 Malichi 1959 Gavanala Robert Armitage analengeza lamulo la ngozi m'dziko la Nyasaland. A Dr Banda anawagwira mbandakucha n'kukawatsekera ku Gwelo, m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, anthu oposa 1,000 anamangidwa, ena ku Kanjedza, ndipo ku doko la Nkhata Bay asilikali anawombera gulu la anthu amene anasonkhana pofuna kuti abale awo omangidwa amasulidwe. Komiti ya Devlin, imene boma la Britain lenilenilo linatuma kudzafufuza zimenezi, inawerenga anthu 51 ophedwa m'dziko muno. Nthawi imeneyo Elizabeth anali atakhala pampando zaka zisanu ndi ziwiri. Zonsezo zinachitika m'dzina la chisoti chomwe chija ndinachiona akuchitsitsira pamutu pa Charles.

Ena amati iye anali mwana wa zaka khumi, mlanduwo ukumukhudza bwanji? Kwathu funso lotere safunsa. Wolowa ufumu amatenga dzina, mpando, ndodo, ndi milandu yonse imene malume ake anaisiya pabwalo. Mlandu suola. Chaka chilichonse pa 3 Malichi timatseka mashopu ndi masukulu, anthu amakayala nkhata ku Nkhata Bay, ndipo mabanja a anthu aja akadalipo. Ndikufuna mfumu imeneyi, kapena mwana wake William, idzaime pa doko lija n'kutchula chimene chinachitika, ndi mawu amene ife timanena tikalakwira munthu.

Nditawafotokozera agogo za ulendo wa ku Kenya, anakhala chete kanthawi, kenako anandituma kuti ndikatsegule sutikesi yawo. Pansi penipeni panali chitenje chabuluu chosachapidwapo, chonunkha mankhwala a njenjete. Anati ndiwasokere bulauzi ndi duku lake, zikhale zokonzeka. Ndinawayesa m'mapewa madzulo omwewo, tepi n'kupeza kuti achepa ndi mainchesi awiri poyerekeza ndi muyeso umene ndinalemba m'buku chaka chapitacho.