Loweruka: tsiku limene ndinasiya mlamu wanga kunja kwa chipata

Ndinadzuka m'mawa ndili ndi nkhawa imodzi, yakuti masana gulu lathu likumana pa tebulo pamene ine, amene ndimayendetsa masewerawa, ndinali ndisanakonze zimene zidzachitike atengambali, anthu a m'nkhani amene osewera amawayendetsa, akafika pa chipata cha nyumba ya bwanamkubwa wa mzinda. Takhala tikusewera Dungeons & Dragons kwa miyezi itatu, masewera ofotokozerana nkhani mmene madayisi amagamula ngati zimene mtengambali wayesa zatheka, potsatira buku la osewera la mu 2014, ndipo mpaka lero nkhani yathu yonse inkachitikira m'nkhalango ndi m'mapanga, kumene chilombo sichifunsa dzina la bambo ako chisanakulume. Lero kanali koyamba kuti atengambaliwo alowe pakati pa anthu okhala ndi maudindo, ndipo ndinadziwa kuti kamzere kakang'ono ka pa mapepala awo, kamene kamanena za kumene aliyense anachokera, kayamba kugwira ntchito.

Osewera alipo anayi. Mng'ono wanga anasankha mbiri imene bukulo limaitcha Noble, ndiye kuti mtengambali wake ndi mwana wa m'banja lolemekezeka, ndipo anayamba masewera ali ndi zovala zapamwamba, mphete ya chidindo, chikalata cha mzere wa makolo ake ndi ndalama zagolide 25. Mlamu wanga anasankha Urchin, mwana wokulira mumsewu, amene katundu wake ndi kampeni, mapu a mzinda umene anakuliramo, kambewa koweta, kanthu kokumbukira makolo ake, zovala wamba ndi ndalama zagolide 10. Anzathu awiri otsalawo, mmodzi ali ndi msilikali wakale ndipo winayo ali ndi mtumiki wa m'kachisi. Bukulo limapatsa mbiri iliyonse mwayi wakewake: wolemekezeka amalandiridwa pakati pa akuluakulu ndipo angathe kupempha kuonana ndi mfumu ya dera, pamene mwana wa mumsewu amadziwa tinjira ta mumzinda moti amayenda kuchoka malo ena kufika ena mofulumira kawiri kuposa anthu ena.

M'malo mokonza nkhani ya masana, ndinataya pafupifupi maola awiri ndikutsegula mabuku a masewera ena kuti ndione momwe iwo anachitira ndi nkhani ya ulemu wobadwa nawo, ndipo sindikudandaula nazo kwenikweni. Traveller, masewera a maulendo a m'mlengalenga amene Marc Miller anatulutsa mu 1977, anaika udindo wa munthu pakati pa anthu pa mndandanda umodzi ndi mphamvu, nzeru ndi maphunziro. Umaponya madayisi awiri, ndipo ukapeza 11 mtengambali wako ndi Knight, ukapeza 12 ndi Baron, onsewa ndi maudindo a anthu olemekezeka, basi nkhani yatha, palibe kudandaula. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 1975, kampani ya GDW, yomweyo imene inasindikiza Traveller, inali itatulutsa En Garde!, masewera ochitikira ku Paris wa m'zaka za m'ma 1600, mmene cholinga chenicheni n'kukwera pa makwerero a ulemu, ndipo madayisi ndi amene amanena ngati unabadwa mwana wachisamba, wachiwiri kapena wapathengo. Warhammer Fantasy Roleplay ya mu 1986 inatchuka chifukwa cha mbali inayo ya makwererowo: madayisi angathe kukupatsa ntchito yogwira makoswe, ndipo chuma chako chachikulu chimakhala kagalu kakang'ono koma kolusa. Pamene masewerawa anatulutsidwanso kachinayi mu 2018, anagawa anthu onse m'magulu atatu otchedwa Brass, Silver ndi Gold, potengera ndalama zimene gulu lililonse limagwira m'manja tsiku ndi tsiku.

Chimene chinandikhudza n'chakuti masewera akalewa ankalola madayisi kugamula za kubadwa, pamene buku limene ife tikutsatira limasiyira wosewera kuti asankhe yekha. Ine ndimaona kuti kuponya madayisi kuli ndi choona chake, chifukwa palibe munthu amene anasankhapo mimba yobadwiramo, koma kusankha kuli ndi phindu limene woyendetsa masewera sayenera kulinyozera. Munthu akasankha yekha kuti mtengambali wake akhale mwana wa mumsewu, ndiye kuti akukuuza mtundu wa nkhani imene akufuna kusewera. Izi ndinaziganiza m'mawa, ndinazilemba m'kabuku kanga, ndipo masana ndinaziiwala.

Tinayamba itangokwana 2 koloko. Atengambali anafika pa chipata madzulo a tsiku la m'nkhanimo, atatopa ndi ulendo, atanyamula kalata yonena kuti bwanamkubwa akufuna anthu olimba mtima oti akathamangitse achifwamba pa msewu wa kumpoto ndipo adzalipira ndalama zagolide 500. Ndinasintha mawu kukhala a mlonda n'kufunsa kuti iwo ndani. Mng'ono wanga sananene zambiri, anangotambasula dzanja pa tebulo ngati akuonetsa mphete, n'kutchula dzina la banja la mtengambali wake mwapang'onopang'ono. Sindinamuuze n'komwe kuti aponye dayisi, pakuti lamulo likunena momveka kuti munthu wotere amalandiridwa. Mlonda anawerama, msilikali wakale analowa monga womuteteza, mtumiki wa m'kachisi analowa chifukwa cha mkanjo wake, ndipo atafika pa mtengambali wa mlamu wanga, mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti khomo la antchito lili kuseri. Onse anaseka, mlamu wanganso anaseka, ndipo ine mumtima ndinadzitama kuti ndaonetsa bwino mmene dziko lotere limayendera.

Kenaka ndinalowa m'chipinda chachikulu pamodzi ndi atatu aja ndipo sindinatulukemo kwa mphindi pafupifupi 40. Ndinafotokoza nyale, makatani ndi zithunzi za makolo a bwanamkubwa pa khoma, ndinalankhula m'mawu a bwanamkubwa, a mkazi wake ndi a mlembi wake, ndipo mng'ono wanga, amene amakonda zokambirana zotere, anasangalala kwambiri. Nthawi yonseyi mlamu wanga anali chete ku mapeto a tebulo. Ndikukumbukira tsopano kuti ndinaona akusanjikiza madayisi ake, la mbali 6 pansi, la mbali 8 pamwamba pake, kenaka la mbali 12, kansanjako n'kugwa, iwo n'kuyambiranso, koma maso anga anaona ndipo mutu sunamve. Pomaliza, nditangopuma kuti ndiyang'ane m'kabuku, analankhula mofatsa kwambiri kuti, "Alamu, kodi ine ndikadalipo m'nkhanimu, kapena mlonda uja anandithamangitsiratu?"

Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinazindikira nthawi yomweyo chimene ndinalakwitsa. Mlonda wa m'nkhani anali ndi ufulu wonse wonyoza mwana wa mumsewu, pakuti ndi mmene mlonda wotero angachitire, koma ine ndinatenga chipongwe cha mlondayo n'kuchifikitsa pa munthu weniweni amene anasiya ntchito zake kudzakhala nafe masana onse. Udindo wa mtengambali unasanduka muyeso wa nthawi imene wosewera akupatsidwa yolankhula. Choipa kwambiri n'chakuti sindinachite dala. Ndinangotsatira kumene ndinkaganiza kuti nkhani ili, ndipo ndinkaganiza kuti nkhani ili kumene kuli akuluakulu.

Ndinapepesa, ndinauza atatu aja kuti adikire, ndipo tinazungulira kuseri. Popeza ndinalibe chilichonse chokonzeratu, ndinafunsa mlamu wanga kuti mtengambali wawo akalowa m'khitchini ya nyumba yaikulu amayamba wayang'ana chiyani. Anayankha mosazengereza kuti amayang'ana amene akudya ndi amene sakudya. Yankho limeneli linanditsegula mutu. Ndinati pa benchi pakhala kamnyamata kopukuta nsapato kamene kakuyang'anitsitsa mphika koma sikakupatsidwa kanthu, ndipo mlamu wanga anati mtengambali wawo akhala pafupi nako n'kutulutsa kambewa kaja m'thumba kuti kayende pa dzanja la kamnyamatako. Sanafunse funso lililonse kwa kanthawi. Kamnyamatako katayamba kuseka, ndi pamene anafunsa kuti n'chifukwa chiyani mashelefu a ziwiya zasiliva ali opanda kanthu, ndipo ine, amene ndinali ndisanaganizepo za mashelefu amenewo, ndinangomva pakamwa panga pakuyankha kuti ziwiyazo zakhala zikutuluka usiku chimodzichimodzi, ndiponso kuti antchito sanalandire malipiro kwa miyezi inayi. Pa mphindi khumi zokha, mwana wa mumsewu anadziwa chimene atatu aja sakanachimva m'chipinda cha nyale ngakhale akanakhalamo usiku wonse: bwanamkubwa alibe ndalama, ndipo 500 ija ndi ya pa pepala chabe.

Titabwerera m'chipinda chachikulu, ndinaona kuti ndiyeneranso kukonza mbali ya mng'ono wanga, chifukwa mpaka pamenepo dzina la banja lake linali likungomutsegulira zitseko popanda kumulipiritsa kanthu. Ndinachititsa bwanamkubwa kukumbukira kuti bambo a mtengambaliyo anali mnzake wakale, ndipo pa chifukwa chimenecho zingakhale zochititsa manyazi kuti mwana wa banja lotere alandire malipiro ngati msilikali waganyu. Anamupempha pamaso pa alendo onse kuti agwire ntchitoyo mwaulemu chabe. Mng'ono wanga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, apa ndiye mwandikola," chifukwa anaona kuti akakana achititsa manyazi banja lake, ndipo akavomera anzake atatu agwira ntchito yoika moyo pachiswe popanda cholowa. Anavomera. Kukangana kumene kunabuka atengambali atakumananso kunja, mlamu wanga atawauza za mashelefu aja, kunali kokoma kuposa nkhondo iliyonse imene tasewerapo, ndipo ine sindinalankhulepo kwa nthawi yaitali.

Tisanatseke, mnzathu wa msilikali uja anatsegula tsamba la mitengo ya kakhalidwe n'kutiwerengera, ndipo masamu ake anatiseketsa tonse. Malinga ndi bukulo, kukhala moyo wa olemekezeka kumadya ndalama zagolide zosachepera 10 pa tsiku, pamene moyo wa umphawi umadya ndalama zasiliva 2, ndipo zasiliva 10 ndiye golide mmodzi. Ndiye kuti 25 ya mwana wolemekezeka imatha pa masiku awiri ndi theka ngati akufuna kuoneka monga dzina lake likunenera, koma 10 ya mwana wa mumsewu ingamusunge masiku 50. Ndinali nditawerengapo tsamba limeneli kangapo osaona kuti mmenemo muli nkhani yonse ya munthu amene ayenera kusankha pakati pa kugona m'nyumba ya alendo yotchipa, anthu n'kumamunena, ndi kukongola ndalama kuti asunge ulemu.

Usiku uno, onse atapita, ndabwereranso ku mabuku aja ndi maso ena. Ndikumvetsa tsopano chifukwa chimene Greg Stafford, polemba Pendragon mu 1985, anapangira kuti osewera onse akhale ankhondo olemekezeka a m'nthawi ya Mfumu Arthur: onse akakhala pa msinkhu umodzi, palibe amene amatsala pa chipata, ndipo mpikisano umakhala wa ulemerero umene aliyense wadzipezera powonjezera pa umene analandira kwa bambo ake. Call of Cthulhu inatenga njira ina, yoika chuma ndi ulemu wa munthu pakati pa anthu pa nambala imodzi yotchedwa Credit Rating, imene ungathe kuiponyera madayisi monga luso lina lililonse pamene ukufuna kuti akukhulupirire ku banki kapena ku hotela. Buku latsopano la Dungeons & Dragons la mu 2024 linachotsa mwayi wa mtundu uja wolandiridwa pakati pa akuluakulu, ndipo mbiri ya mtengambali tsopano imapereka manambala owonjezera pa mphamvu zake ndi luso lapadera loyambira nalo. Ena amakonda zimenezi chifukwa n'zosavuta kuwerengera, koma ine ndikuona kuti zimene zinachitika lero pa chipata ndi m'khitchini sizikanatuluka m'manambala amenewo, ngakhale kuti kulakwitsa kwanga nakonso kunachokera ku lamulo lakale lija, limene linandiuza momveka za khomo lakutsogolo koma za khomo lakuseri linangotchula tinjira.

Ndalemba m'kabuku kuti nyumba iliyonse yaikulu imene atengambali adzafikeko ndiziikonzera makomo awiri, ndipo kuseri kuzikhala munthu wodziwa kanthu kamene akutsogolo sakukadziwa kapena sakufuna kukanena. Ndalembanso mayina a anthu atatu amene banja la mtengambali wa mng'ono wanga lili nawo ngongole.

Pali kanthu kena kamene ena atatu aja sakukadziwa. Pamene ankakangana kunja kwa chipata, mlamu wanga anandipatsira kapepala pansi pa tebulo, kolembedwa kuti mtengambali wawo akufuna kuvula mphete ya chidindo pa chala cha wolemekezeka uja pomugwira dzanja ngati akumutonthoza. Anaponya dayisi la mbali 20 kuseri kwa buku, linagwa pa 17, ndipo atawonjezera luso lawo la manja opepuka nambalayo inapitirira kutali tcheru cha mtengambali wa mng'ono wanga. Mphete ili m'thumba limodzi ndi kambewa. Loweruka likubwerali akufuna kubwerera ku chipata chomwe chija, kwa mlonda yemwe uja, atavala mpheteyo, ndipo ine ndili ndi masiku asanu ndi limodzi oti ndiganize ngati mlondayo adzayang'ane mphete kapena nkhope.