Usui sanali mbusa

Ku spa kumene ndimagwira ntchito ku Rosebank ku Joni, makasitomala ambiri amafuna Reiki, chithandizo choika manja pathupi la munthu, ndiye abwana anandilipirira maphunziro ake. Mayi amene ankatiphunzitsa anayamba ndi nkhani yokoma. Akuti Mikao Usui, amene anayambitsa Reiki, anali mbusa wachikhristu, mkulu wa yunivesite ya Doshisha ku Kyoto, ndipo ophunzira ake atamufunsa mmene Yesu ankachiritsira odwala, anakafika mpaka ku Chicago kukafufuza. Ine wokulira mu CCAP ku Dedza mtima unakhala pansi, ndinati apa sindikuchimwa.

Nkhaniyo si yoona. Usui anabadwa mu 1865, anali wachibuda, ndipo manda ake ali pakachisi wa Saihoji ku Tokyo, pomwe ophunzira ake anaimika mwala wofotokoza moyo wake mu 1927. Mwalawo umanena za masiku 21 amene anasala kudya paphiri la Kurama, za bungwe lomwe anatsegula ku Tokyo mu 1922, ndi za anthu amene anawathandiza chitachitika chivomerezi cha 1923. Za ubusa mulibe. Ku Doshisha ndi ku Chicago ofufuza anakafunsa, dzina lake silinapezeke m'mabuku. Usui anamwalira mu 1926.

Nkhani ya ubusa inafala kudzera mwa Hawayo Takata, mayi wobadwira ku Hawaii kwa makolo a ku Japan, amene anaphunzira kwa Chujiro Hayashi, wophunzira wa Usui. Mayi ameneyu ndimamumvetsa, ndipo ndi pamene pamandiwawa. Anali wamasiye wolera ana awiri, ndipo dziko la Japan litaphulitsa doko la Pearl Harbor ku Hawaii mu 1941, chilichonse cha ku Japan chinkaonedwa ndi diso loipa ku America. Ife a kuno ku Joni zimenezi timazidziwa. Mu 2008 ndi 2015, pamene anthu obwera ankamenyedwa, ndi angati mwa ife ankatseka pakamwa mu taxi kuti Chichewa chisamveke? Ena ankati kwawo ndi ku Limpopo.

Koma wobisa kwawo mu taxi sakulipiritsa munthu. Takata ankalipiritsa madola 10,000 kuti munthu akhale mphunzitsi, ndipo anatulutsa aphunzitsi 22 asanamwalire mu 1980. Ophunzira ake anafalitsa nkhaniyo ndi mtima woyera, osadziwa, mpaka inandipeza ine. Chikumbumtima changa pamaso pa Mulungu chinatsamira pa chinthu chopeka, ndipo zimenezi sindizitenga mopepuka. Mkhristu ali ndi ufulu wodziwa chimene akulowamo, n'kusankha yekha.

Timapepala timene timamatidwa m'mapolo cha ku Park Station, ta asing'anga odzitcha a ku Malawi obweza mwamuna wothawa, timatikwiyitsa tonse chifukwa timagulitsa dzina la kwathu. Ndiye n'chifukwa chiyani bodza la mtundu womwewo tizilikhululukira likanenedwa m'chipinda chonunkhira bwino ku Sandton? Masiku ano ena afika pomati Reiki inachokera ku Tibet, umboni alibe.

Ine ntchitoyi ndikuigwirabe. Kasitomala akagona pabedi ndimamuuza kuti izi zinayamba ku Japan zaka zana zapitazo, kuti ambiri amadzuka thupi litapepuka, komanso kuti kafukufuku sanatsimikize kuti zimachiza matenda. Mayi wina wa shuga anandifunsa ngati angasiye mankhwala. Ndinati, “Ayi mayi, muzimwabe, ndipo tsiku lanu la kuchipatala musaphonye.” Amabwerabe mwezi ndi mwezi.