Lachiwiri ku Strasbourg, komwe mayiko 27 amayesa kuyankhula ndi pakamwa pamodzi

Kunja kunali kozizirabe pamene timatuluka m'nyumba yomwe tagona, ngakhale anzanga akuno akuti nyengo yozizira yatha. Tinakwera tram E mpaka pa siteji ya Parlement Européen, gulu lonse la kalasi yathu, aphunzitsi ali patsogolo ndi pepala la mayina. Pakhomo anatisecha, pasipoti, lamba, foni, zonse m'kabeseni. Nyumba ya malamulo ya mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, EU, amaitcha Louise Weiss. Ndi yagalasi, yozungulira, ndipo pamwamba pake pamaoneka ngati amisiri anasiyira panjira. Anachita dala.

Amene amationetsa malo anatiseketsa ndi nkhani ya ulendo wa aphungu. Alipo 720 ndipo ntchito yambiri amagwirira ku Brussels, koma maulendo 12 pachaka amalongedza mafayilo, kutenga alembi ndi omasulira, n'kubwera kuno kudzakhala masiku anayi. Ambiri mwa iwo zimawatopetsa. Kungoti zinalembedwa m'pangano, ndipo pangano silisinthidwa pokhapokha mayiko onse avomere. France singavomere kuti Strasbourg ilandidwe ulemu wake. Basi, ulendo ukupitirira.

Chomwe tinabwerera chinali cha masana. Ndime 36 ya pangano la EU imati kawiri pachaka aphungu azikambirana momwe ndondomeko ya mgwirizano pa nkhani zakunja ndi chitetezo ikuyendera. Ndondomekoyi inabadwa ndi pangano la ku Maastricht lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1993, nthawi imene Yugoslavia inkayaka moto pakhomo pawo penipeni iwo akungokangana chochita. Mu 1999 anakhazikitsa udindo wa mkulu woimira mayiko onsewa pa nkhani zakunja, woyamba anali Javier Solana. Pangano la ku Lisbon mu 2009 linaukulitsa udindowo, kenaka anaupatsa ofesi yakeyake ya akazembe. Adutsapo Catherine Ashton, Federica Mogherini, Josep Borrell, ndipo kuyambira Disembala 2024 pali mayi Kaja Kallas, omwe anali nduna yaikulu ya Estonia.

Anatikhazika m'mwamba, m'malo a alendo. Kuomba m'manja ayi, kuyankhula ayi. Ndinavala mahedifoni n'kuyamba kusinthasintha manambala, poti zilankhulo zovomerezeka m'nyumbamo ndi 24 ndipo omasulira amakhala m'tizipinda tagalasi kuzungulira holo yonse. Ndinamvetsera pang'ono chilankhulo cha ku Malta chifukwa cha chidwi chabe, kenaka ndinabwerera ku Chingerezi. Mipando yabuluu yambiri inali yopanda anthu. Phungu amabwera nthawi yake ikayandikira, amayankhula mphindi imodzi kapena ziwiri wotchi ikumuwerengera pakhoma, akamaliza amatenga chikwama chake n'kutuluka. Mayi Kallas ndiwo anakhala pansi kumvetsera onsewo.

Ndinawamvera chisoni pang'ono. Ntchito yawo ili ngati ya ankhoswe otumidwa ndi mbumba ya anthu 27: sangatsegule pakamwa kwa apongozi mpaka aliyense wa kumtundu atagwedeza mutu, ndipo mmodzi akangokana, ankhoswe amabwerera osanena kanthu. Pa nkhani za malonda mayiko ambiri akavomera chinthu chimadutsa. Pa nkhani zakunja ndi chitetezo ayi, pafunika onse. Ndipo aphungu omwe amawunika ntchitoyi alibe mphamvu yogamula. Amafunsa mafunso, amavotera lipoti, amagwira mbali ina ya bajeti, koma zigamulo zenizeni zimapangidwa ndi nduna ndi atsogoleri a mayiko ku Brussels, zitseko zili zotseka.

Komabe sindinganene kuti palibe chachitika. Ndinkalemba m'kope zomwe aphungu amatchula mobwerezabwereza, ndipo pa nkhani ya Ukraine zinthu zayendadi kuposa momwe aliyense akanaganizira. Russia italowa m'dzikolo pa 24 Febuluwale 2022, sipanathe sabata EU inatulutsa mayuro 500 miliyoni ogulira zida kudzera m'thumba lotchedwa European Peace Facility. Kanali koyamba kuti mgwirizanowu ulipire zida zophera anthu zopita kudziko lomwe lili pankhondo, ndipo dzina la thumbalo likunena za mtendere, musaseke. Ziletso za zachuma pa Russia zakhala zikubwera gulu ndi gulu. Asilikali a Ukraine oposa 70,000 aphunzitsidwa, ambiri ku Poland ndi ku Germany. Anthu a ku Denmark, omwe kwa zaka pafupifupi 30 anakana kulowa nawo m'zachitetezo za EU, anavota mu Juni 2022 kuti alowe.

Pomwe pamavuta ndi pamene lonjezo lifuna mafakitale kapena magazi. Mu Malichi 2023 analonjeza Ukraine zipolopolo za mizinga 1 miliyoni m'miyezi 12. Miyeziyo itakwana anali atapereka pafupifupi theka, ndipo chiwerengerocho chinadzakwana chakumapeto kwa 2024. Nkhani ya asilikali ndiye yomvetsa manyazi. Ku Helsinki mu 1999 anagwirizana kuti azitha kutumiza asilikali okwana 60,000 m'masiku 60. Sizinatheke. Mu 2007 anabwera ndi timagulu ta asilikali pafupifupi 1,500 todikirira kutumizidwa mwamsanga, ndipo mpaka lero palibe kagulu kanatumizidwapo, chifukwa dziko lomwe lapereka asilikali ndi lomwe limasenza mbali yaikulu ya ndalama. Tsikulo ankakamba za gulu la asilikali 5,000. Phungu wina anachitchula chiwerengerochi monyadira, ine m'mtima ndikuwerengera kuti achoka pa 60,000.

Dzina la Hungary linamveka kwambiri, ena akulitchula mokwiya, ena akuliteteza. Boma la Viktor Orbán linali litatsekereza mayuro oposa 6 biliyoni a m'thumba lija omwe amayenera kubwezera mayiko opereka zida ku Ukraine. Ziletso za pa Russia zinkafuna kuwonjezeredwa nthawi miyezi 6 iliyonse, ndiye miyezi 6 iliyonse pankakhala kunyengererana. Nkhani ya mu Disembala 2023 ndiyo imandisangalatsa. Atsogoleri ankafuna kuvomereza kuti zokambirana zolowetsa Ukraine mu EU ziyambe, Orbán akukana. Olaf Scholz, yemwe ankatsogolera boma la Germany, anamupempha kuti atuluke kaye akamwe khofi. Anatulukadi, otsalawo anagwirizana, ndipo pamapepala zinalembedwa kuti palibe anatsutsa.

Koma kumuunjikira zonse Orbán n'kudzinamiza, ndipo apa ndi pomwe ndinaona kuti aphungu ambiri amadumphapo. Mu 2020 Cyprus inachedwetsa ziletso za pa Belarus kwa masabata angapo pofuna kuti anzake aikenso ziletso pa Turkey. Mu 2003, nkhondo ya Iraq inawagawa pakati, Britain, Spain, Italy ndi Poland mbali ya America, France ndi Germany mbali inayo. Pa Gaza ndiye pakamwa pamodzi palibiretu. Pa 27 Okutobala 2023, ku United Nations kutavoteredwa pempho loti nkhondo iyambe yaima kuti thandizo lilowe, France, Spain, Ireland, Belgium ndi ena anavomera, Austria, Croatia, Czechia ndi Hungary anakana, ambiri otsalawo kuphatikizapo Germany sanavote mbali iliyonse. Mgwirizano umodzi, mbali zitatu.

Titatuluka kukamwa tiyi, mnzanga wa ku Poland ndi wina wa ku Portugal anayambana bwinobwino. Wa ku Poland akuti onse awonjezere ndalama za zida tsopano lino, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Wa ku Portugal akuti kwawo anthu akudandaula za lendi ndi zipatala, Russia ili kutali, ndipo akaganiza za chitetezo amayang'ana kunyanja ndi ku Africa. Onse awiri amanena zoona za kwawo. Aphunzitsi anangowakumbutsa kuti mayiko 23 mwa 27 ali mu NATO, mgwirizano wotetezana pa nkhondo womwe mulinso America, ndipo mpaka posachedwapa ambiri ankagona tulo podziwa kuti America ilipo. Donald Trump atabwerera pampando tulo timeneti tathawa, n'chifukwa chake mu Malichi 2025 Ursula von der Leyen, mkulu wa komishoni yoyendetsa EU, anabwera ndi dongosolo loti mayikowa apeze mayuro okwana 800 biliyoni a zankhondo. Zambiri mwa ndalamazo ndi chilolezo choti dziko lililonse likongole palokha, osati thumba limodzi.

Ine khutu langa linali kudikira Africa. Inatchulidwa mwa apo ndi apo. Ku Sahel zinthu zawathera moipa: ntchito yophunzitsa asilikali ku Mali, yomwe inayamba mu 2013, inatsekedwa mu Meyi 2024, ndipo ku Niger asilikali omwe analanda boma mu Julaye 2023 anathetsa mgwirizano wawo ndi EU. Zomwe zatsala pafupi ndi kwathu ndi za ku Mozambique. Zigawenga zitaukira tawuni ya Palma mu Malichi 2021, kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi ku Afungi, pafupi ndi tawuniyo m'chigawo cha Cabo Delgado, ndipo chaka chomwecho EU inayamba kuphunzitsa asilikali a Mozambique. Inaperekanso mayuro 15 miliyoni ku gulu la asilikali a SADC omwe anali ku Cabo Delgado. Kenaka inapereka mayuro 20 miliyoni kwa asilikali a Rwanda omwe ali komweko mu Disembala 2022, ndi ena 20 miliyoni mu Novembala 2024.

Apa ndi pomwe mtima wanga unauma. Akatswiri a United Nations akhala akulemba kuti Rwanda ikuthandiza zigawenga za M23 kum'mawa kwa Congo. Mu Januwale 2025, M23 ikulowera ku Goma, asilikali athu a Malawi omwe anali kumeneko anaphedwa pamodzi ndi a South Africa, ndipo patapita masiku ochepa a Chakwera analamula kuti otsalawo akonzekere kubwerera kumudzi. Ndiye gulu lankhondo lomwelo la Rwanda, ku Cabo Delgado ndi bwenzi lomwe linalandira ndalama za EU, ku Kivu likutchulidwa kuti lili kumbuyo kwa omwe anatiphera ana athu. Aphungu a m'nyumba ino mu Febuluwale 2025 anavota kupempha kuti mgwirizano wa za miyala ya mtengo wapatali womwe EU inasainirana ndi Rwanda mu 2024 uimitsidwe. Linali pempho chabe. Ziletso pa akuluakulu ena a asilikali a Rwanda, atsogoleri a M23 ndi kampani yoyenga golide ya ku Kigali zinabwera pa 17 Malichi, Goma ndi Bukavu zitagwa kalekale. Pa Ukraine anathamanga m'masiku ochepa. Pa Congo zinatenga pafupifupi miyezi iwiri. Sindikuwada, munthu amayamba kuzima moto wa padenga lake, koma akamati ndondomeko yawo yakhazikika pa malamulo ofanana kwa onse, ine ndimamvetsera ndi khutu limodzi.

Madzulo ndinakwera tram D kuwoloka mtsinje wa Rhine kupita ku Kehl, mbali ya Germany, kukagula sopo ndi mafuta odzola poti kumeneko n'zotchipa. Ndili pa mlatho amalume anaimba pa WhatsApp. Iwo anapuma usilikali zaka zapitazo ndipo nkhani za Congo amazitsata kuposa za mpira.

"Ndiye azungu akowo agwirizana chiyani lero, mphwanga?"

"Palibe chogwirizana, amalume. Lero kunali kuwunika chabe, mawa avotera lipoti."

"Lipotilo likadutsa, ndani amalitsata?"

Ndinawafotokozera kuti silimanga aliyense. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti nawonso a SADC anasainirana pangano lotetezana mu 2003 ku Dar es Salaam, koma mukafika kutchire mumapeza kuti ndalama za ndege ndi chakudya palibe anaziika patebulo. Ndinawauza kuti kusiyana kwake n'koti a kuno ndalama ali nazo, chomwe chimasowa ndi kumvana kuti mdani ndi ndani. Iwo anati zimenezo ndikalembe m'mayeso, koma ndisaiwale kuwatumizira mankhwala a mawondo aja.

Aphunzitsi akufuna masamba atatu pofika Lachisanu, funso lake ndi lakuti kodi lamulo loti onse avomere lichotsedwe. Ndiyankha kuti silichoka posachedwa. Kuti lichotsedwe pafunikanso kuti onse avomere, ndipo Malta, Cyprus kapena Ireland sangataye chida chokhacho chomwe chimachititsa kuti Germany ndi France aziwafunsa maganizo. Sitima yobwerera ku Brussels ndi ya mawa m'mawa, ndiye voti ya lipotilo ndiionera pa foni.