Galu wanga ataluma mwana panjira ya ku mjigo

Kuno ku Chigwa cha Shire, munthu amene ali ndi khola la ng'ombe kapena la mbuzi sapeza tulo tokwanira ngati alibe galu, chifukwa akuba ziweto amayenda usiku ndipo chiweto chikatuluka m'khola, pofika m'bandakucha chimakhala chitafika kutali. Ine ndimakhala chakufupi ndi Ngabu, ndili ndi mbuzi zingapo, ndipo kwa zaka zinayi ndakhala ndikudalira galu wamphongo amene ana anga anamutcha Alekeni. Sindinkamumanga. Masana ankagona pansi pa mtengo wa nimu pothawa dzuwa lathu lino, usiku n'kumazungulira khola, ndipo ine ndinkangoti zonse zili bwino.

Tsiku lina m'mawa m'mwezi wa Okutobala, mtsikana wa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi, mwana wa anansi athu, anadzera kanjira kachidule kodutsa kuseri kwa khola akupita ku mjigo ndi chigubu m'manja. Usiku womwewo mbuzi ina inali itaswa, ndipo galuyo anali atagona pakhomo penipeni pa kholalo. Anamuluma kumbuyo kwa mwendo, m'munsi mwa bondo, mano awiri n'kulowa ndithu. Mawu oyamba amene ndinayankhula nditafika pamalopo amandichititsabe manyazi: ndinafunsa kuti mwanayo ankafunanji kuseri kwa khola langa. Bambo ake anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, njira imeneyi inayamba liti kukhala yanu? Si yomweyi amayi anu ankadzera popita kudimba?"

Pamene ife amuna tinkakangana za njira, mayi wina anati timete ubweya wa galuyo, tiuwotche, phulusa lake tipake pabala, ndipo anyamata anali atatola kale zibonga kuti amuphe. Amene anatipulumutsa ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, yemwe anakhazika mwanayo pa mjigo pomwepo n'kuuza amayi awiri kuti azipopa mosinthana pamene iye ankatsuka balalo ndi sopo kwa mphindi 15, akuyang'ana nthawi pa foni. Anakaniza anyamata aja kupha galuyo, ndipo mlangizi wa ziweto atafika anafotokoza chifukwa chake: galu amene waluma munthu amayenera kumangidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, popeza ngati anali ndi chiwewe m'malovu pa nthawi yolumayo, amadwala kapena kufa masikuwo asanathe. Mukamupha n'kumukwirira, mwakwirira umboni.

Kenako mlangizi wa ziwetoyo anandipempha chiphaso cha katemera wa galuyo. Ndinachipeza m'chikwama cha mapepala a ngongole, chitafiira ndi fumbi, ndipo deti lake linali la zaka ziwiri zapitazo, chifukwa tsiku limene ankabaya agalu m'dera lathu ine ndinali kumunda wa thonje ndipo ndinati ndidzapita ulendo wina. Mlangiziyo sanandikalipire. Anangolemba kalata yoti mwanayo apite nayo kuchipatala tsiku lomwelo, nati jakisoni sadikira kuti masiku 10 athe, pakuti chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu chilibenso mankhwala. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse pa dziko lonse, ambiri mwa iwo atalumidwa ndi galu, ndipo pa anthu 10 alionse olumidwa ndi nyama yokayikitsa, pafupifupi anayi amakhala ana osafika zaka 15. Chiwerengero chimenechi ndinkachimva pa wailesi pa 28 Sepitembala, tsiku lokumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, koma chinandilowa mumtima nditaona mwana uja akukwezedwa pa njinga yamoto ya kabaza mwendo uli womanga ndi chitenje.

M'masiku amene Alekeni anali pa chingwe ndinafunsafunsa za malamulo, ndipo ndinapeza kuti ambiri mwa ife timaweta agalu mongoganizira. Lamulo la Control and Diseases of Animals Act limapatsa akuluakulu a zaziweto mphamvu yothana ndi matenda monga chiwewe, ndipo ndi pamenepa pamachokera chilengezo chija chakuti aliyense amange galu wake, wopezeka akuyendayenda aphedwa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola makhonsolo, kuphatikizapo a Chikwawa ndi Nsanje, kukhazikitsa malamulo a m'dera lawo. Lamulo la milandu ya upandu la Penal Code nalo limaika pa mlandu munthu amene mosasamala walephera kuteteza anthu ku ngozi yochokera kwa nyama imene akusunga.

Chimene chinandigwetsa mphwayi kwambiri ndi nkhani yolowa pamalo a eni, chifukwa ndi pamene ndinkafuna kubisala. Kuti kulowa pamalo a wina kukhale mlandu wa kupolisi, pamafunika kuti wolowayo akhale ndi cholinga chopalamula, choopseza, chonyoza kapena chosowetsa mtendere mwini malo. Mwana wonyamula chigubu alibe cholinga chotere. Komanso m'midzi yathu, mmene mabwalo a nyumba amalumikizana popanda mpanda ndipo njira za ku mjigo, kudimba ndi kumanda zimadutsa pakhomo pa anthu, n'kovuta kuloza pamene malo a munthu ayambira. M'nyumba za mipanda ya njerwa ku Nchalo mumaona zikwangwani zochenjeza za agalu olusa, ndipo kumeneko chikwangwani chili ndi tanthauzo chifukwa pali geti loti munthu agogode. Ndikanakhoma chotere pa mtengo wanga wa nimu, chikanachenjeza ndani, pamene odutsa ambiri ndi ana a sitandade 1 ndi agogo osadziwa kuwerenga? Wakuba wolowa m'khola pakati pa usiku ndi nkhani ina, ndipo galu akamugwira ine sindingapite kukapepesa kwawo, ngakhale kuti nayenso ayenera kuperekedwa kupolisi ndi kuchipatala, osati kumalizidwa ndi gulu.

Nkhani yathu sinafike kupolisi. Inakambidwa pabwalo la a nyakwawa, pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo iwo atamva mbali zonse anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, mwati galuyu ndi mlonda wa usiku. Nanga dzuwa litatuluka ankalondera chiyani?" Ndinangoti, "Ndalakwa, afumu." Anagamula kuti ndibweze ndalama zonse za kabaza pa maulendo a kuchipatala, ndipereke mbuzi imodzi ngati chipepeso, ndiponso kuti galu aliyense wolusa m'mudzimo azimangidwa kuyambira m'mawa kufikira anthu atalowa m'nyumba. Ena anang'ung'udza kuti galu womangidwa amafooka, koma wanga sanafooke, bola pakhale mthunzi ndi madzi, zimene kuno m'chilimwe n'zofunika kuposa chakudya.

Masiku 10 anatha Alekeni akudya ndi kumwa bwinobwino, ndipo sabata yotsatira ndinamutengera kwa mlangizi wa ziweto kukabayitsa, amene anandiuza kuti chiwewe chimaleka kufala pokhapokha agalu 70 pa 100 alionse m'dera akalandira katemera. Chiphaso chatsopanocho ndimachisunga pamodzi ndi chitupa cha unzika. Mbali ya khola yoyang'ana kunjira ndinaitchinga ndi minga, kanjira kaja ndinakasiya kotsegula, koma mtsikanayo mpaka lero amazungulira kumsewu waukulu akamapita kotunga madzi.