Lipoti la ulendo wa gulu lathu lowerenga mabuku ku Zomba

Gulu lathu limakumana Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse kuno ku Lilongwe, ndipo nkhani yopita ku Zomba inakhala ikubwera n'kumapita kuyambira kalekale. Alembi ambiri amene timawawerenga anadutsa mumzinda umenewu, ena monga ophunzira, ena monga aphunzitsi, ena monga akaidi. Chaka chino msungichuma wathu anaumirira kuti aliyense aziponya kangachepe mwezi ndi mwezi, mpaka ndalama zobwerekera kosita zinakwana. Komiti inandipempha kuti ndilembe lipotili pofuna kuti anzathu amene anatsala adziwe zimene tinaona ndi zimene tinakambirana.

Tinanyamuka Lachinayi mbandakucha. Titafika pa Kamphata, pamene msewu wa ku Nkhoma umapatukira, aphunzitsi athu opuma pantchito, amene tonse timangowatchula kuti agogo, anapempha adalaivala kuti atsitse wailesi. Analoza phiri la Nkhoma chakumanzere n'kutiuza kuti kumishoni kumeneko n'kumene Samuel Josia Ntara ankaphunzitsa pamene analemba Nthondo. Bukuli linapambana pampikisano wa zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa umene unakonzedwa ndi bungwe lina la ku London, ndipo linasindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa.

"Ndani mwa inu analiwerengapo?" anafunsa agogo.

Manja amene anakwera anali ochepa, ndipo onse anali a anthu aimvi. Atafunsa za Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe manja anachuluka, ndipo basi yonse inayamba kusokosa. Wina anatchula Njala Bwana la Willie Zingani, wina Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, wina Ntchito za Pakamwa la E.J. Chadza, wina Kukula ndi Mwambo la Gwengwe yemweyo. Anthu ankalandizana mawu, kukumbutsana aphunzitsi amene anawawerengera mabukuwa ndi mayeso amene analemba. Kenaka mayi wina amene amagulitsa nsalu mumsika anafunsa kuti, "Nanga amene ali nalo limodzi la mabuku amenewa kunyumba ndani? Ndikufuna ndibwereke, mwana wanga awerenge." Basi inangoti zii. Funso limeneli linatitsata ulendo wonse.

Ine Nthondo ndinaliwerenga, ndipo ndinene maganizo anga pano poti m'basi nthawi inachepa. Ndi mbiri ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: mnyamata wosamva, wakuba, wopita kukafuna ntchito kutali, amene pambuyo pake akukhala mfumu n'kutembenuka mtima. Kumapetoko kumaoneka kuti mlembi ankalemba ali pamishoni, chifukwa nkhaniyo imathamangira kukafika pa kutembenukako. Koma mbali yoyambirira ndi chuma chenicheni. Ntara ankaudziwa mudzi, mmene anthu amayankhulirana pamaliro, mmene mlandu umayendera pabwalo, mmene mwana wopulupudza amasautsira eni mbumba. Chichewa chake n'cholemera koma chosadzikuza. Mlembi wachinyamata aliyense amene akufuna kulemba m'Chichewa akanayenera kuyamba wamva mmene munthu ameneyu amalukira chiganizo.

Za njira sindichulutsa. Tinaima pa Lizulu kugula mbatata ya kachewere ndi tomato zoti tikaphike kumalo ogona, tinadutsa Ntcheu, tinakhotera pa Chingeni kulowera ku Balaka, tinawoloka Shire pa Liwonde, ndipo dzuwa likupendeka phiri la Zomba linali patsogolo pathu.

Lachisanu m'mawa tinapita ku National Archives, kumene mlembi wa gulu anali atalemberako kalata yopempha kuti atilandire. Nyumba imeneyi imasunga makalata akale a boma, manyuzipepala ndi mabuku, ndipo lamulo limati wosindikiza buku m'dziko muno azipereka kope limodzi kumeneko. Ogwira ntchito anatilandira bwino kwambiri. Anatifotokozera mmene munthu amapemphera chimene akufuna kuwerenga, ndi chifukwa chake pepala lakale limafuna manja oyera ndi ouma. Kenaka anatibweretsera mabuku angapo akale a Chinyanja kuti tione.

Mtsikana wina wa m'gulu lathu, amene wangomaliza kumene maphunziro a unamwino, ndi amene anatsegula loyamba. Mapepala ake anali ofiirira, m'mphepete mwake mothethekathetheka, ndipo ankawatembenuza ndi nsonga ya chala atagwira mpweya. Atayamba kuwerenga mokweza anapunthwa pa mzere woyamba chifukwa cha kalembedwe kakale kamene kankalemba "cifukwa" ndi "caka". Agogo anamuuza kuti, "Pitiriza mwanawe, n'chimodzimodzi ndi Buku Lopatulika lakale lija la kunyumba kwanu." Anapitiriza. Atawerenga ndime ziwiri lilime linamasuka, ndipo tonse tinasendera pafupi. Atafika pothera tsamba anakweza maso n'kufunsa ngati angathe kupita nalo kunyumba. Tonse tinkadziwa yankho lake. Ntchito ya nyumba imeneyi ndi kusunga, ndipo ikanakhala yobwereketsa bwenzi mabukuwa atatha kalekale. Koma ine mtima unandiwawa poganiza kuti mwana wa ku Lilongwe wayenda mtunda wonsewu, tsiku la ntchito, kuti awerenge ndime zochepa za buku la m'chilankhulo chimene amayankhula ndi mayi ake.

Masana tinapita ku Chirunga, kusukulu ya ukachenjede imene ambirife timaitchulabe kuti Chancellor College ngakhale kuti tsopano ndi University of Malawi. Tinakhala pansi pa mitengo, ndipo bambo wina wa m'gulu lathu amene anaphunzira pasukuluyi anatifotokozera za Writers' Group. Gululi linayamba mu 1970 koleji ikadali ku Chichiri mu Blantyre, ndipo linasamukira nayo limodzi ku Zomba mu 1973. Ophunzira ndi aphunzitsi ankakhala pamodzi, wina n'kuwerenga ndakatulo yake, enawo n'kuisenda popanda kuyang'ana nkhope. M'gulu limenelo munadutsa anthu ngati Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Anthony Nazombe. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo lamulo la 1968 linapatsa bungwe lounika mabuku mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde. Alakatuli anaphunzira kuyankhula mophiphiritsa.

Apa ndi pamene mnyamata wina anadandaula kuti iye Of Chameleons and Gods, buku la Mapanje la 1981, analiyesa koma linamukanika. "Achimwene, ndakatulo zimenezi zimangozungulira, bwanji osangonena chimene akufuna kunena?" Bambo uja anamuyankha kuti pobwera tinadutsa pa Gymkhana Club, ndipo pamalo pamenepo ndi pamene apolisi anamugwirira Mapanje mu Seputembala 1987. Anakamutsekera ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba komweko, popanda kumuzenga mlandu, mpaka mu Meyi 1991. Ngati munthu wozungulira mawu anamuchita zimenezo, wonena mwachindunji akanamutani?

Ine ndinawonjezera kuti kayankhulidwe kameneka si kachilendo kwa ife. Ndakatulo za Mapanje zimayenda ngati nyimbo ya pamtondo: mayi amaimba za nkhuku kapena za mlendo, koma mudzi wonse umadziwa kuti akudzudzula mwamuna wake, ndipo mwamunayo alibe pogwira. Ukaliwerenga ndi khutu limenelo bukulo limatseguka. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti ndakatulo zokhala ndi mafupa a kwathu chonchi zinalembedwa m'Chingerezi, moti amayi amene anayambitsa luso lophiphiritsalo sangathe kuziwerenga. Sindikuwaimba mlandu alembiwo. Iwo ankafuna kuti dziko lonse limve zimene zinkachitika kuno, ndipo linamvadi, poti alembi a m'mayiko ena anafuula mpaka Mapanje anatulutsidwa. Koma ntchito yomasulira ndakatulozi m'Chichewa ikudikirabe munthu.

Mkangano waukulu unabuka madzulo titadya nsima, ndipo unali wa makatuni. Mayi wogulitsa nsalu uja anati ana ake sagwira buku chifukwa maso awo amakhala pafoni ndi pa TV, kuonera tizidole toyankhula Chingerezi cha ku America. Ambiri anavomereza. Koma tili ndi mnyamata m'gulu amene amajambula zithunzi pakompyuta, ndipo iye anakana. Anatulutsa laputopu yake n'kutionetsa gawo limodzi la Supa Team 4, makatuni amene anayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Anayambitsa nkhaniyi ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia. Ndi ya atsikana anayi a kusekondale mu Lusaka wa m'tsogolo, amene mayi wina wachikulire, kazitape wopuma pantchito wotchedwa Mama K, akuwasonkhanitsa kuti ateteze mzinda wawo.

Tinaonera tili duu, ngakhale amene ankatsutsa aja. Maganizo anga ndi awa. Msana wa nkhaniyo ndi womwe uja wa makatuni a ngwazi zovala zobisa nkhope: chigawenga chabwera, ana amenyana nacho, apambana. Pamenepo palibe chatsopano. Chatsopano ndi nkhope za atsikanawo, tsitsi lawo, mayina awo, ndi mzinda umene mwana wa ku Kawale kapena ku Ndirande angauone n'kunena kuti uku n'kufupi ndi kwathu. Mwana amene wakula akuona kuti ngwazi zonse zimakhala ku New York kapena ku Tokyo amayamba kuganiza kuti kwawo sikuchitika nkhani. Chifukwa cha chimenechi ndikuti makolo amene angathe awaonetse ana awo.

Mnyamata wojambulayo anapitiriza kuti ifenso tili ndi nkhani zoposa pamenepo. Anatchula Sikusinja ndi Gwenembe: abale awiri, nsanje, magazi okhetsedwa panjira, ndi mbalame yoimba imene ikuulula mlanduwo mosatopa. Anati mbalame imeneyo amaiona kale m'maso mwake mmene angaijambulire. Anatiuzanso kuti ntchitoyi si yamasewera. Mulendema anasankhidwa mu 2015 pampikisano wa kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, ndipo panadutsa zaka 8 kuti makatuniwo afike pamaso pa anthu. Pamafunika olemba, ojambula ambiri, oyankhulira zidolezo, oimba, makompyuta amphamvu ndi magetsi osazimazima.

Agogo anamvetsera mpaka anamaliza, kenaka anamufunsa kuti, "Iwe mdzukulu wanga, bukulo unaliwerenga?" Mnyamatayo anayankha moona mtima kuti nkhaniyo anaimva kwa amalume ake, bukulo sanalionepo. Agogo sanamunyoze. Anangoti wojambula amene wangomva chidule adzajambula chidule, ndipo zimene zimachititsa buku la Gwengwe kukhala lamoyo, monga mayankhulidwe a anthu ake, miyambi ndi ulemu wa pamudzi, zidzatsalira. Apa ndinaona kuti mbali ziwirizi zimadandaula chinthu chimodzi. Mayi uja akufuna buku loti apatse mwana wake, mnyamatayu akufuna buku loti ajambule kuchokera m'menemo, ndipo onse awiri alibe poligula. Makatuni sanalande ana athu mabuku a Chichewa. Mabukuwo anayamba kusowa m'nyumba zathu mafoni asanabwere, pamene tinazolowera kuti buku la Chichewa ndi la mayeso basi, ukalemba n'kulisiya kusukulu.

Loweruka m'mawa tinakwera phiri mpaka pa damu la Mulunguzi. Kumeneko tinawerenga ndakatulo za Steve Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945 n'kumwalira mu 2015. Iye anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene makolo amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kumuika pakati pa ndakatulo zake. Anthu a ku Zomba amakumbukira Napolo wa mu Disembala 1946, ndipo a ku Phalombe amakumbukira wa mu 1991. Kuwerenga ndakatulozo uli pamwamba pa phiri lomwelo, ukuona mitsinje ikutsetserekera kutauni, kumakuthandiza kumvetsa chifukwa chake Chimombo anasankha Napolo pofuna kunena za mphamvu imene imagwera anthu osaipempha ndipo palibe woifunsa. Wojambula wathu anakhala pamwala n'kuyamba kulemba mizere m'kope lake.

Atsikana a m'gulu anatikumbutsa, ndipo ananena zoona, kuti ulendo wonse tinkangotchula abambo. Anawerenga ndakatulo zifupizifupi za Upile Chisala, amene anakulira ku Zomba komweko, ndipo anatchulanso Walije Gondwe, mmodzi mwa amayi oyamba a ku Malawi kusindikizitsa buku la nthano yaitali. Wina anapempha kuti tidzawerengenso Azotus the Kingdom la Shadreck Chikoti, nthano yochitika mu Africa wa zaka zambiri m'tsogolo, kuti okonda nkhani za sayansi asamaone ngati kwathu kulibe wolemba zotere.

Tisanatsike tinachita msonkhano waufupi ndipo tinagwirizana izi. Aliyense akafufuze m'masutikesi ndi m'makatoni a makolo ake, kumudzi ndi m'tauni, ndipo buku lililonse la Chichewa limene lapezeka lilembedwe m'kaundula wa gulu kuti tizibwerekana. Mwezi uliwonse wachiwiri tiziwerenga buku la Chichewa, mokweza, ndipo ana aziloledwa kubwera. Ena anaganiza zochita fotokope mabuku osowawo, koma wapampando anakana chifukwa alembi ndi mabanja awo ali ndi umwini pa ntchito zawo. M'malo mwake mlembi wa gulu alembera makalata osindikiza mabuku kuwafunsa ngati angasindikizenso ena mwa mabukuwa, ndipo tidzawauza chiwerengero cha makope amene ife tili okonzeka kugula.

Tinafika ku Lilongwe usiku, onse ali bwino. Msungichuma adzapereka ndondomeko ya ndalama pamsonkhano wotsatira. Buku la mwezi umenewo ndi Sikusinja ndi Gwenembe. Agogo ali nalo kope limodzi koma masamba omalizira anathothoka, choncho amene angapeze lathunthu kwa achibale kapena kwa aphunzitsi akale adziwitse mlembi Loweruka lisanafike.