Lachitatu: mapuleti a chikombole abwerako ndi ming'alu

M'mawa uno lole yatsitsa mapuleti a mkuwa ochokera kufakitale yosungunula chitsulo. Ndi makoma a chikombole chimene amathiramo chitsulo chamadzi, n'kumatuluka pansi osaduka chitauma kunja kokha. Ntchito yathu ndi kuwakuta ndi chitsulo cha nickel m'thanki ya mankhwala pogwiritsa ntchito magetsi. Titawatsuka taona mavuto awiri pa puleti limodzi: kumtunda, pamene chitsulo chimalekezera, pali timing'alu tambirimbiri, pomwe kumunsi nickel wadyeka mpaka mkuwa wofiira wayamba kuonekera.

Mnzanga amene timagwira naye pathanki sanachedwe. "Akulu, tikute mokhuthala ponseponse, tionjezeremo cobalt kuti alimbe." Ndamumvetsa, chifukwa kumunsiko n'zoonadi. Chikombole chimagwedezeka kukwera ndi kutsika, ndipo chigoba cha chitsulo chouma chimapala khoma ngati tupa. Pamenepo nickel wosakaniza ndi cobalt amapirira kwambiri kuposa nickel yekha.

Koma kumtunda ndakana, ndipo tatha m'mawa wonse tikukambirana. Chitsulo chimalowa chili pa madigiri pafupifupi 1,550, pamene mkuwa umasungunuka pa 1,085. Chimene chimaupulumutsa ndi madzi othamanga kuseri kwake, komanso kuti mkuwa umatulutsa kutentha msanga. Nickel amatulutsa pang'onopang'ono, kuchepera kanayi poyerekeza ndi mkuwa. Ukamukhuthalitsa pamalo otentha kwambiriwo, kutentha kumatsekerezeka, pamwamba pamapsa, ndipo chokutira cholimba chimene sichitha kutanuka chimang'ambika. Pali ndi zinc wochokera m'zitsulo zakale zimene amasungunulanso. Akapeza mng'alu amalowa, n'kusakanikirana ndi mkuwa, malowo n'kukhala osachedwa kuthetheka. Kusiya mkuwa pambalambanda nakonso sikungatheke, poti ukalowa m'khungu la chitsulo chotentha umayambitsa ming'alu imene ogula amabweza nayo katundu.

Tagwirizana kuti chokutira chikhale chopyapyala ndi chofewerapo kumtunda, chizinka chikhuthala ndi kulimba potsika. Kunena n'kosavuta. M'thanki magetsi amakonda kuunjikana m'mphepete ndi m'makona, choncho masana onse takhala tikudula zotchinga za pulasitiki kuti nickel akhale pamene tikufuna ifeyo.

Ndayezanso madzi a m'thanki, amene ndi a mankhwala otchedwa nickel sulfamate. pH, muyezo wa asidi m'madziwo, ili pafupi ndi 4, kutentha pa madigiri 55, zonse bwino. Kachitsulo koyesera mu Hull cell, kathanki kakang'ono koyesera madziwo, katuluka ndi tibowo pang'ono, chizindikiro chakuti thovu la hydrogen likumamatira pamwamba, ndiye taonjezera kuvundula ndi kusefa. Chimene ndaletsa ndi kuthira mankhwala a saccharin m'madziwo. Amathandiza kuti nickel asakokane ndipo amaoneka wosalala bwino, koma amasiyamo sulfur, ndipo nickel wokhala ndi sulfur akatenthedwa amathetheka. Pa zinthu zokongoletsera palibe vuto. Pa chikombole, ayi.

Chakumadzulo nkhani yokuta mapuleti ndi chrome yabweranso, monga imachitira nthawi zonse. Ndi wolimba kwambiri, palibe wotsutsa. Koma mwachibadwa amakhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo asidi wa chromium amene amagwiritsa ntchito pokutira amayambitsa khansa kwa omupuma. Ku European Union kuyambira 2017 sungamugwiritse ntchito popanda chilolezo chapadera. Ine zimandikhudza, chifukwa oima pafupi ndi thankiyo tsiku ndi tsiku ndife. Ndikufuna tiyesere nickel wosakaniza ndi timchenga ta silicon carbide kumunsi, ngakhale kuti kusunga timchengato tikuyandama mofanana m'thanki yaikulu ndi ntchito yaikulu payokha.

Ndisanaweruke ndalembera a kufakitale kuwapempha atiuze matani amene puleti lililonse linapirira, liwiro limene amathirira, ndi kuchuluka kwa zitsulo zakale za zinc zimene akusungunula masiku ano. Popanda zimenezi tizingosintha madzi m'thanki mongoganizira. Mawa tiyamba kupala nickel wakale ndi kuona ngati ming'alu ija yafika mpaka mumkuwa, chifukwa ngati yazama, puleti liyenera kusemedwa kaye lisanalowe m'thanki.