Kabaza wosalira wa ku Kigali

Tsiku lachiwiri nditafika ku Kigali ndinatsala pang'ono kugundidwa ndi njinga yamoto, ndipo wolakwa ndinali ine. Kwathu galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, kumeneko zimayenda kumanja. Ndiye pofuna kuwoloka ndinayang'ana mbali imene ndinazolowera, n'kuona kuti kulibe kanthu, n'kuponya phazi. Makutu nawo anandinamiza. Munthu wokhala mu Lilongwe amawoloka msewu ndi makutu, pakuti kabaza umamumva akadali kuseri kwa gulaye. Iyi inangotulukira mwakachetechete ngati mphaka, n'kuima pafupi ndi bondo langa. Mnyamata woyendetsayo anakweza galasi la chipewa chake, n'kundiyang'ana, kenaka n'kuseka. Ine m'malo mopepesa ndinali kalikiliki kuyang'ana njingayo. Inalibe paipi ya utsi, ndipo pamene pamakhala injini panali chibokosi.

Ku Rwanda ndinapitira msuweni wanga amene anakwatiwa kumeneko, sindinapitire za mpweya ayi. Koma kuyambira tsiku limenelo mphuno ndi makutu anga zinakhala tcheru, moti masiku khumi ndi awiri amene ndinakhalako ndinkangonunkhiza mzindawo ngati galu wa mlenje.

Kigali ndi mzinda wa zitunda zokhazokha. Ukatsika mtsetse, dziwa kuti kutsogoloko kuli chikweza chikukudikira. N'chifukwa chake njinga zamoto n'zambirimbiri, ndipo eni ake amangozitchula kuti "moto", mawu amene ankandiseketsa nthawi zonse alamu anga akanena kuti tikwere moto. Oyendetsa ake amawatcha abamotari. Aliyense amakhala ndi zipewa ziwiri, chake ndi cha wokwera, ndipo wokwerayo ndi mmodzi basi. Zoti mayi, mwana, thumba la chimanga ndi nkhuku onse pa njinga imodzi, monga tichitira pa Mchesi, kumeneko sindinazione.

Ndinayamba kusankha dala njinga zamagetsi. Ukakwera, chimene umamva ndi kamluzu kakang'ono ndi mphepo basi, moti mumatha kucheza ndi woyendetsayo popanda kukuwa. Pa chikweza imangokoka, osatsamwa, osasiya utsi kwa amene ali kumbuyo. Madzulo ena amene anandinyamula anandipempha kuti tipatuke pang'ono chifukwa batire inali itatsala pang'ono kutha. Ndinaganiza kuti basi, tikhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti itchaje monga imachitira foni. Tinaima pa kashedi kena, anyamata awiri anasolola batire ija, yolemera ndithu, n'kulowetsa ina yodzadza kale. Iye analipira pafoni, ife n'kumapita. Sindinavule n'komwe chipewa.

Mmenemo ndi mmene mwagona nzeru yonse. Batire si ya woyendetsa njingayo, ndi ya kampani, iye amangolipira magetsi amene ali m'katimo monga momwe akanalipirira petulo. Batire ndiyo imakweza mtengo wa njinga yamagetsi, ndiye ukaichotsa pamtengopo, mnyamata wamba akhoza kuigula njingayo pangongole. Kampani ya Ampersand inayamba ntchito imeneyi mu Kigali mu 2019 ndi njinga 20 zokha, ndipo pambuyo pake kunabwera ena monga Spiro. Boma nalo linaikapo dzanja: kuyambira mu Januwale 2025 linasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu mu Kigali. Zakale zija zikuyendabe, koma amene akufuna kulowa kumene m'ntchitoyi ayenera kubwera ndi yamagetsi.

Ndinamufunsa mnyamata uja, m'Chingelezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiswahili changa cha pa Dzaleka, chimene anasiyira ya petulo. Ndinkayembekezera kuti anena za chilengedwe, poti ndi zimene timamva pa wailesi. Iye anangosisita chala chachikulu ndi chamkombaphala. Ndalama. Anati madzulo akaweruka zimatsala zambiri m'thumba kusiyana ndi kale, ndipo za kusintha oilo anaziiwala. Za utsi anazitchula pomalizira, ngati zongowonjezera, kuti masiku ano akafika kunyumba malaya sanunkha. Ndinamukhulupirira kwambiri chifukwa cha yankho limenelo. Akanayamba ndi kusintha kwa nyengo ndikanadziwa kuti akundiuza zimene amauza alendo.

Musaganize kuti mzinda wonse uli phee. Pitani ku Nyabugogo, kudepoti yaikulu ya mabasi, kumene kuli kuchigwa. Kumeneko malole a dizilo, mabasi opita m'maboma ndi njinga za petulo zimapanikizana, utsi uli tolo, ndipo umakhazikika m'chigwamo osafuna kuchoka. Ndinatsokomola monga ndimatsokomolera m'depoti ya ku Lilongwe. Mabasi amagetsi aliko, kampani ya BasiGo inayamba kuwabweretsa chakumapeto kwa 2023, koma ine pa mabasi onse amene ndinakwera ndi kakhadi kawo kolipirira ka Tap&Go, yamagetsi inali imodzi yokha.

Loweruka lomaliza la mwezi linandipeza komweko, ndiye ndinaona Umuganda. M'mawa wonse mpaka cha m'ma 11 koloko masitolo amakhala otseka, galimoto siziyenda, ndipo anthu a m'dera limodzi amatuluka kukagwira ntchito ya chitukuko. Ife tinakatapa matope m'ngalande. Alamu anandipatsa fosholo osandifunsa n'komwe ngati mlendo amagwira nawo. Kujomba kuli ndi chindapusa chake, ndipo sindinganame kuti onse amene ndinawaona anabwera ndi chimwemwe. Ena ankangogwiriziza tsache uku akuyang'ana foni. Koma ngalande inayera.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi Lamulungu la Car Free Day. Mwambowu unayamba mu 2016, ndipo tsopano umachitika kawiri pamwezi, Lamulungu loyamba ndi lachitatu, kuyambira 7 koloko mpaka 10 koloko m'mawa. Misewu ikuluikulu ingapo imatsekedwa, galimoto n'kupatutsidwira kwina. Msuweni wanga anandidzutsa kusanache bwino, ine ndikung'ung'udza kuti munthu wabwera kudzapuma akumuthamangitsa ngati wa asilikali. Titafika pamsewu ndinakhala chete.

Msewu womwe dzulo lake ndinkaopa kuwoloka unali utadzadza anthu. Magulu a achinyamata ankathamanga akuimba, wina akutsogolera ena akuvomera. Kunali azibambo a mimba zawo atavala makabudula, amayi akuyenda ndawala awiriawiri, ana pa tinjinga tawo, anyamata a nsapato zamatayala akutsetsereka pamtsetse mochititsa mantha. Kamtsikana kena ka zaka ngati zisanu kankaphunzira kupalasa njinga pakati penipeni pa msewu waukulu, bambo ake atagwira chishalo kumbuyo. Kanagwa, kanadzuka, kanakweranso, ndipo panalibe wokuwa kuti galimoto iyo! Ndinamva mbalame m'mitengo ya m'mbali mwa msewu. Ndinamva fungo la udzu wonyowa ndi mame, pamalo pamene masiku onse pamanunkha dizilo. Kumapeto kwake anthu anasonkhana pabwalo kuchita masewera olimbitsa thupi motsogozedwa ndi wina wa pa chimkuzamawu, ndipo pambali panali matenti pamene azaumoyo ankayeza BP ndi shuga mwaulere. Ndinayezetsa. Zimene anandiuza ndi nkhani ya tsiku lina, koma mchere ndachepetsa.

Kunena zoona, maola atatu kawiri pamwezi sangayeretse mpweya wa mzinda. Itangokwana 10 koloko galimoto zinabwerera, ndipo pofika masana zonse zinali monga kale. Koma ndikuganiza kuti phindu lake lili pena. Munthu amene wapumapo mpweya wa msewu wopanda galimoto amayamba kuumva utsi Lolemba, pamene kale sankaumva n'komwe. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuyenda m'mbali mwa msewu wa M1 osadziwa kuti ndikumeza chiyani, chifukwa ndinalibe chofanizira. Ndipo pali malo ena amene anawatsekeratu. Pakati pa tauni pali msewu umene galimoto zinaletsedwa kuyambira mu 2015, lero ndi poyenda anthu ndi pokhala, amati Imbuga City Walk. Ku Biryogo, dera la ku Nyamirambo, anapenta misewu ingapo mitundumitundu n'kuikamo matebulo. Tinadya kanyenya wa mbuzi kumeneko usiku, tikumwa tiyi, ndipo ndinadontheza tsabola wawo wa Akabanga mopitirira muyezo poganiza kuti munthu wozolowera kambuzi sangaope kanthu. Ndinalira misozi pagulu.

Za dzuwa ndinakaziona ku Rwamagana, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kum'mawa kwa Kigali. Alamu ali ndi abale kumeneko, ndiye pobwerera tinapatuka kuti ndikaone munda wa sola umene anthu amautchula kwambiri. Unayamba kupereka magetsi mu 2014, uli ndi mapanelo oposa 28,000, ndipo umatulutsa mamegawati 8.5. Mapanelowo amatembenuka pang'onopang'ono kutsata dzuwa kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo, monga uchitira mpendadzuwa. Anawayala motsanzira mapu a Africa, koma zimenezo amaona ndi amene ali m'ndege. Ife apansi tinangoona mizere ya magalasi kuseri kwa mpanda, kuli zii, popanda chogunda kapena chofuka.

Kwa ife a ku Malawi mamegawati 8.5 si odabwitsa. Munda wa sola wa ku Nanjoka ku Salima, umene unatsegulidwa mu 2021, ndi wa mamegawati 60, ndipo wa ku Golomoti ndi wa 20, wokhala ndi mabatire ake. Chimene chinandigwira mtima ku Rwamagana ndi mwini malowo. Mundawo uli pamalo a Agahozo-Shalom Youth Village, mudzi wa achinyamata umene mayi Anne Heyman anauyambitsa pofuna kulera ana amene anasiyidwa amasiye ndi kuphana kwa mu 1994. Kampani ya magetsiyo imalipira lendi kumudziwo, ndipo ndalamazo zimathandiza kuyendetsa sukulu ndi kusamalira anawo. Mayiyo anamwalira kumayambiriro kwa 2014, magetsiwo asanayake.

M'galimoto pobwerera ndinanena mokondwa kuti ndiye kuti njinga zija zimayendera dzuwa. Alamu anapukusa mutu. Anati magetsi a dzikolo ndi osakaniza: ambiri ndi a madzi, ena amachokera ku mpweya woyaka umene amaupopa pansi pa nyanja ya Kivu, ena ku dothi lakuda la m'madambo limene amaliumitsa n'kuliwotcha ku Gisagara, ndipo a dzuwa ndi gawo laling'ono chabe. Choncho njinga imene sikufuka mu Kigali mwina ikufukitsa kwina. Ndinawayankha kuti ngakhale zili choncho, utsiwo wachoka pamphuno pa mwana wowoloka msewu. Tinakangana mpaka tinalowa m'tauni, msuweni wanga akuwodzera kumbuyo. Sola imene tonse tinagwirizana kuti ilibe mkangano ndi ija ya pamadenga a m'midzi imene tinkadutsa, kapanelo kamodzi kolipira pang'onopang'ono pafoni, kamene kanachotsa koloboyi m'nyumba.

Utsi woopsa kuposa wonse umene ndinakumana nawo paulendowu sunali pamsewu. Madzulo a tsiku loti mawa ndinyamuka, amayi awo a alamu anatiitana kukadya kwawo. Ine pofuna kuonetsa ulemu ndinalowa kukhitchini kukawapatsa moni, ndipo maso anayamba kuwawa ndisanamalize n'komwe kunena "muraho". Kakhitchiniko kanali kopanda zenera, makoma ali bii ndi mwaye, ndipo mayiwo atakhala pakampando akukupiza moto. Ndinaloza chophikiracho n'kufunsa dzina lake. Anati imbabura. Ndinaloza zakudazo, anati amakara. Ndinaseka mpaka kutsamwa, n'kuwauza kudzera mwa msuweni wanga kuti kwathu timati mbaula ndi makala. Anakondwa kwambiri, n'kuyamba kundiyesa mawu ena. Madzi ndi amazi. Njira ndi inzira. Dzuwa ndi izuba. Utsi ndi umwotsi, ndipo ponena limeneli anakupiza dzanja kumaso kwawo, n'kutsokomola chifuwa chija ndimachidziwa bwino, cha agogo anga a ku Ntcheu amene anaphika pamafuwa moyo wawo wonse.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse. Ku Rwanda, monga kwathu, mabanja ambiri akuphikirabe nkhuni ndi makala, ndipo zimenezi njinga yamagetsi siizikhudza, Car Free Day siizifika, ngakhale kapanelo ka padenga kamangoyatsa babu ndi kutchaja foni, sikangaphike nyemba.

Pakona pa khitchiniyo panali silinda ya gasi, yophimbidwa bwinobwino ndi kansalu. Alamu anati anawagulira okha chaka chatha. Ndinafunsa chifukwa chimene sakuigwiritsira ntchito. Mayiwo anayankha nthawi yaitali, manja akuthandizira, ndipo msuweni wanga anangomasulira mwachidule: gasi ndi wa tiyi wa m'mawa ndi alendo obwera mwadzidzidzi. Nyemba zimafuna maola, ndipo gasi akatha amafuna ndalama zambiri pakamodzi, pamene makala ukhoza kugula a lero lokha.

Kenaka anandipatsira chivundikiro cha poto chimene ankakupizira moto, n'kundilozera mbaula, iwo n'kutuluka panja kukapuma mpweya. Ndinakhala pakampando paja ndikukupiza, misozi ili chuchuchu, mpaka isombe inapsa. Ndi chigwada chathu chomwechi, koma iwo amachisinja kwambiri n'kuthiramo mafuta a kanjedza. Ndinadya mbale ziwiri.